Thumba la Kumanzere

"Koma alamu anali ndi mapewa," anatero malume akuzungulira pakati pa balaza, manja a jekete la alamu awowo atawaphimba mpaka zala. "Taonani. Muno titha kulowamo anthu awiri."

Palibe anaseka. Mzime yekha anamwetulira pang'ono kuti malumewo asachite manyazi. Iye ndiye anali mwana womaliza pakhomopo, ndipo ngakhale tsopano anali namwino wa pachipatala chachikulu kutali, kwawo kuno dzina lake linali lomwelo. Anali atagwada pansi, akupinda malaya a malemu bambo ake. Maliro anali atatha, opepesa atabalalika. M'nyumbamo munatsala iyeyo, mchimwene wake wamkulu, amayi awo, ndi malume, mlongo wawo wamng'ono wa amayiwo.

"Jeketelo tenga iwe," anatero amayi ali pampando wawo wa pafupi ndi zenera. Nkhope anailozetsa kumene kunkachokera mawu. Matenda a shuga anali atawadya maso pang'onopang'ono, moti tsopano ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. "Unkalisirira kalekale."

Malume anapisa dzanja m'thumba la kumanja, kenaka anayesa la kumanzere. Dzanja linakana kulowa.

"Ha! Ili ndiye analitseka. Mzime, tandipatse lezala, ndione zimene alamu anatibisira."

"Lili kuchipinda, malume. Ndikupatsani ndikamaliza."

Kuseri kwa nyumba galu anayamba kulira, kulira kwapansipansi kosauwa. Kaphulusa anali pa unyolo chiyambire maliro, chifukwa ankangolowalowa pakati pa anthu, kununkhiza miyendo ya aliyense.

Mchimwene wake wa Mzime anaika foni patebulo n'kupukuta kumaso ndi manja awiri. Sanagone mokwanira sabata yonseyo, ndipo ndi iye amene anathamanga ndi zonse za maliro.

"Amayi, Loweruka tinyamukira limodzi," anatero. "Apongozi anu akonza kale chipinda. Ana asamukira pa balaza, bedi tagula."

"Nanga Kaphulusa?"

"Nyumba yathu ndi yosanja, amayi, mukuidziwa. Mwininyumba salola ngakhale mphaka. Ndalankhula ndi mkulu wina wosunga matabwa, akufuna galu wolondera. Azidya bwino kumeneko."

Amayi anasisita chogwirira cha mpando.

"Ine sindichoka pano," anatero.

"Mukhala ndi ndani? Kuchipatala akuperekezani ndani? Kutchalitchi? Kugolosale?"

"Kaphulusa."

Mchimweneyo anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Galu amene anagwetsera bambo m'ngalande uja? Mwaiwala? Atangoona agalu a pagalaja anawakoka ngati thumba la makala. Ndine ndinapita nawo kuchipatala dzanja litatupa."

"Nthawi imeneyo anali mwana."

"Galu ndi galu, achemwali," malume analowererapo. "Akamva fungo la nyama, ngakhale abusa sawadziwa."

"Iwe Mzime, wangoti duu bwanji?" anafunsa mchimweneyo. "Ngati ukuona kuti amayi atsale, siya ntchito ubwere uzikhala nawo. Ine sindingamagone ndikuganiza kuti mwina agundidwa ndi galimoto."

Mzime anayang'ana pansi. Ntchito sakanaisiya, ndipo onse ankadziwa. Ankadziwanso kuti amayi ake akakwera masitepe a nyumba yosanja ija sadzatsikanso okha. Azidzangokhala pazenera la eni, osadziwa pamene pali chitseko, kudikira kuti wina awagwire dzanja. M'nyumba ino ankadziwa pamene pali chikho chilichonse.

"Mawa ndi tsiku langa lokayezetsa shuga," anatero amayi. "Ndipita ndi Kaphulusa. Inu muzibwera m'mbuyo, koma osandigwira, osandilankhula. Ndikakafika, munditaye. Ndikalephera, Loweruka ndikwera galimoto yako popanda kuvuta."

Mchimweneyo anayang'ana mlongo wake, kenaka malume.

"Chabwino," anatero. "Koma akangokukokani kamodzi kokha, nkhani yatha."

Dzuwa litapendeka, amayi anaitana Mzime kukhonde la kuseri, kumene bambo ankasokera nsapato. Kampando kawo kanali pompo, ndi bokosi la misomali, ndi nsapato imodzi ya mwana wa eni imene sanaimalize. Amayi anapapasa khoma n'kutsitsa malamba amene anali pamsomali. Anali achikopa, osokedwa mwaukhondo, oyenera pachifuwa ndi pamsana pa galu, ndipo pamwamba pake panali chogwirira cholimba chopangidwa ndi mpini wa ambulera yakale.

Kaphulusa atangomva kulira kwa zitsulo za malambawo anasiya kulira. Anaimirira n'kuwongoka, mchira uli phee.

"Mmasule," anatero amayi.

Mzime anachotsa unyolo akuyembekeza kuti galuyo amudumphira. Koma iye anangopita kwa amayi n'kulowetsa yekha mutu m'malambamo.

"Bambo anayamba liti zimenezi?"

"Atangochira dzanja lija. Tsiku lomwe adokotala anati maso anga sabwereranso, iwo sanadye. M'mawa mwake ndinamva akudula zikopa." Amayi anamanga lamba wa pamimba ndi zala zozolowera. "Anthu ankawaseka. Ankatenga galuyu n'kukakhala naye pamwala, patali ndi galaja, poti agalu aja akuoneka koma ali kutali. Kaphulusa akangowayang'ana agaluwo, bambo ako ankaliza lilime n'kunena kuti, 'Kuno.' Akatembenuka n'kuwayang'ana kumaso, ankamupatsa kachiwindi kouma. Basi. Tsiku lonse ntchito yake imeneyo."

"Osamumenya?"

"Ankati ukamumenya aphunzira kuopa dzanja, osati kusiya agalu. Sabata ina ankasendera pafupi pang'ono. Akalephera, ankabwereranso kumwala kuja, osakwiya. Mpaka anafika pokhala pageti penipeni pa galaja, agalu akuuwa mpaka thovu, uyu akungoyasamula."

Amayi anatsegula chitini chimene chinali pansi pa kampando. Fungo la chiwindi chouma linatuluka. Anatapa pang'ono n'kuika m'kachikwama kachikopa kamene anakamanga m'chiuno.

"Kenaka anayamba za fungo. Anakapempha abutchala kuti aziponya mafupa panjira dala. Abutchala ankati, 'Madala, nyama yanga mwaisandutsa mayeso?' Koma ankaponya. Bambo ako ankadzimanga nsalu kumaso n'kumayenda naye, kuti amve zimene ine ndizidzamva. Anadzigunda pamtengo wa magetsi kangapo."

Mzime anaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Anaipukuta mwakachetechete, koma amayi anamva. Anatambasula dzanja n'kumupeza phewa.

"Ankati galu sungamuletse kununkhiza, mphuno ndiye maso ake. Umangomuuza kuti nthawi yake ikubwera. N'chifukwa chake tikafika pamtengo wa pachipatala ndimamuvula malamba n'kumuuza kuti, 'Masuka.' Pamenepo amanunkhiza dziko lonse mmene angafunire."

Mzime anasisita khutu la Kaphulusa. Panali chinthu chimene chinkamuvuta mumtima chibwerere, ndipo anachinena motsitsa mawu.

"Ulendo watha uja, bambo akudwala, galuyu anabwera n'kuika mutu pabondo pawo. Iwo anapinda manja n'kuyang'ana kukhoma. Anangoti, 'Pita kwa amayi ako.' Ndinadabwa, amayi. Ndinkaona ngati matenda awaumitsa mtima."

Amayi anatseka chitini. "Tathira madzi m'mbale yake," anatero. "Kenaka tipemphere, dzuwa lisanalowe."

Kutacha, malume ndiwo anayamba kunyamuka. Ankafuna basi yoyamba yobwerera kwawo. Anamwa tiyi ataimirira, jekete lija ali nalo pathupi, manja atawapinda kawiri.

"Lezala lija wandimana, mwana wa achemwali," anatero ali pakhomo. "Ndikatsegulira kwathu. Ndikapezamo golide usadzandidziwe."

Patapita kanthawi amayi anatuluka atavala diresi lakuda ndi nsapato zafulati zimene amuna awo anazisokerera mphira watsopano. Anaima pageti, naweramitsa mutu pang'ono, milomo ikugwedezeka. Kenaka anagwira chogwirira ndi dzanja lamanzere.

"Tiye."

Mzime ndi mchimwene wake anawasiya atalikeko, n'kuyamba kutsatira. Njira yake inali imodzi: kutsika ndi mseu waukulu, kudutsa galaja, dzala, butchala, mpaka kuchipatala chaching'ono, zonse mbali imodzi ya mseu. Kaphulusa ankayenda kutsogolo pang'ono kwa bondo la amayi, osathamanga, osatsalira. Pamene panali dzenje anakhota, amayi nakhota naye. Pamene njerwa zinatuluka m'njira anaima mpaka phazi la amayi litazipeza.

"Izi n'zophweka," ananong'ona mchimweneyo. "Tione pagalaja."

Agalu a pagalaja anawamva asanafike. Anathamangira kugeti, wakuda ndi wofiira, akuuwa mokhadzula, mphuno zili m'mipata ya zitsulo. Kaphulusa anatembenuza khutu limodzi, ubweya wa pamsana unaimirira. Amayi analiza lilime. Galuyo anakweza mutu n'kuwayang'ana kumaso kumene sikukanamuona, dzanja la amayi linatsika ndi kachiwindi, ndipo anadutsa. Makaniko amene anali pansi pa galimoto anatulutsa mutu, navula chipewa chake chamafuta, n'kukhala choncho mpaka amayi atapitirira.

Padzala panali mitu ya nsomba ndi ntchentche. Kaphulusa anafwenkha mphuno kamodzi, basi. Pabutchala nyama inali italendewera pakhomo, ndipo kagalu kena kosokera kanali kakukukuta fupa pakati penipeni pa njira. Kaphulusa anakalambalala ngati akulambalala mwala.

Mchimweneyo anapitiriza kutsatira, maso ali pa galuyo.

Atangopitirira khomo la butchala, Kaphulusa anaima.

Panalibe galu, panalibe fupa, panalibe dzenje. Anangoima, mphuno m'mwamba, ikugwira kamphepo kochokera kutsidya kwa mseu. Thupi lake lonse linayamba kunjenjemera. Kenaka analira, kulira kuja ankalira pa unyolo.

Mzime anayang'ana kutsidya. Pabenchi ya pasiteji ya basi panali malume, chikwama chili pamiyendo. Basi yawo inali isanabwere. Anali chikhalire mu jekete la bambo, losachapa, mmene analichotsera pamsomali.

"Mayo ine," anatero Mzime. "Jekete."

Pakati pa amayi ndi benchiyo panali mseu, ndipo magalimoto a m'mawa ankadutsa mothamanga. Kaphulusa anaponda phazi limodzi kulozera kumseu. Chogwirira chinapendekeka m'dzanja la amayi.

Mchimweneyo anafuna kuthamanga. Mzime anamugwira mkono ndi manja onse awiri.

"Ndisiye, iwe!"

"Achimwene, dikirani. Chonde."

Sankadziwa chifukwa chake ankamugwira. Mumtima ankangoti, Ambuye, Ambuye, osapeza mawu ena. Chimene chinamuopsa kwambiri sichinali galu. Anali amayi. Sanalize lilime. Sanapise dzanja m'kachikwama. Nawonso anali atatembenuzira nkhope kubenchi kuja, pakamwa pali potsegula pang'ono, ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa m'khamu. Anaima choncho awiriwo, mayi ndi galu, onse akuyang'ana kumene sakanayenera kupita. Lole inadutsa, mphepo yake inakupiza diresi la amayi.

Kenaka amayi anatseka pakamwa. Lilime linalira, mofooka.

"Kuno."

Kaphulusa sanatembenuke.

"Kuno, mwanawe." Ulendo uno mawu anamveka. "Asiye apume. Ife tili ndi ulendo."

Galuyo anabweza phazi lija. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, ngati ukulemera, n'kuyang'ana amayi kumaso. Dzanja linatsika ndi kachiwindi. Sanakadye, kanagwera pansi. Koma anawongoka, nayamba kuyenda, ndipo sanachewukenso.

Mchimweneyo anamasula mkono wake mofatsa n'kuwatsatira. Mzime anatsala m'mbuyo. Anatsamira khoma la butchala.

"Mwana wa madala, eti?" anatero mawu ena. Anali abutchala, munthu wonenepa wa epuloni yamagazi, mpeni uli m'manja. "Pepani ndi zovutazi. Ndinabwera kumaliro, koma munali anthu ambiri." Analoza kutsidya ndi chibwano. "Nditaona jekete lija pabenchi paja m'mawa uno, mpeni unandigwa. Ndinati madala abwerera."

"Ankakhala pamenepo?"

"Simukudziwa? Amenewo ndiwo anali mayeso omaliza. Agalu anathana nawo, mafupa anga anathana nawo. Tsiku lina anabwera kuchokera kuchipatala ndi nkhope ina, anandiuza kuti, 'Achimwene, kwatsala fungo limodzi limene galu uja sangalidutse.' Ine ndinati, 'Liti, madala? Ndikupezerani.' Iwo anati, 'Langa.'"

Abutchala anapukuta mpeni pa epuloni, ngakhale unali woyera kale.

"Ankauza mayi anu kuti atsogole, iwo agona. Mayi akangotuluka, makaniko uja ankawatenga panjinga yamoto, kudzera njira ya kuseri, n'kudzawakhazika apo. Masiku oyamba zinali zomvetsa chisoni. Galu akangowamva ankalira, kukoka, ine n'kumaima apa kuti asalowe mumseu. Pobwerera kunyumba galuyo akawathamangira, iwo dzanja linkangopita lokha m'thumba, mwachizolowezi, poti chiwindi chinkakhala m'menemo. Anati, 'Dzanja ili likundiwonongera ntchito.' Tsiku lina ndinawaona pabenchi pomwepo atavula jekete, akusoka thumba ndi ulusi wa nsapato."

Mzime anagwira pakamwa.

"Kuyambira pamenepo ankangopinda manja n'kuyang'ana kumbali. Galu akudutsa, akulira, iwo osamuyang'ana n'komwe. Akapitirira, m'pamene ankatembenuka n'kumawaperekeza ndi maso mpaka akafike pamtengo. Ine ndinkawanena, 'Madala, mukulira chiyani, si mwapambana?' Ankati ndi utsi wa magalimoto." Abutchala anafwenthera. "Anabwera mpaka sabata yomwe anagonekedwa ija. Makaniko ankachita kuwanyamula."

Analowa m'kati n'kutuluka ndi kaphukusi ka pepala. "Ichi n'chiwindi cha sabata ino. Muwauze mayi kuti chizibwera monga kale. Aziduladula ting'onoting'ono, aziyanika padzuwa."

Mzime anawoloka mseu. Malume anali ataimirira, chikwama chili pansi, nkhope itagwa. Basi yawo inafika, kondakitala anaitana, iwo anangoibayibitsa.

"Ndinaona zonse," anatero. "Ndikanapha achemwali anga ine, chifukwa cha jekete la eni."

"Simunadziwe, malume. Tonse sitinadziwe. Tiyeni."

Anawapeza amayi atakhala pakakhoma ka pansi pa mtengo, pageti la chipatala. Kaphulusa anali atakhala pambali pawo, akadali m'malamba. Mchimweneyo anali ataima chapatali, manja m'chiuno, akuyang'ana nthambi. Galuyo atamva jekete likuyandikira anayambanso kunjenjemera, koma sanasunthe.

"Anali pabenchi paja ndani?" anafunsa amayi.

"Ndine, achemwali. Basi inachedwa. Ndavala jekete la alamu."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinadziwa kuti sangakhale iwo," anatero. "Ndinadziwa. Koma galuyu ananjenjemera chimodzimodzi."

"Munkadziwa kuti bambo ankakhala pamenepo?" anafunsa Mzime.

"Dzanja langa limamva zonse zimene galuyu akumva. Ndikabwerera kunyumba ndinkawapeza pabedi, akuti agona tsiku lonse. Ine ndikapapasa pansi pa bedi, nsapato zawo zili zofunda, zili ndi fumbi." Anamwetulira pang'ono. "Ankafuna ndizikhulupirira kuti ndayenda ndekha. Ndinawasiya."

Mchimweneyo anatembenukira kumseu n'kutulutsa kansalu m'thumba. Anakhala nthawi akupukuta magalasi ake.

Amayi anawerama, napapasa zitsulo za malamba, n'kumasula. Anaika malambawo pamiyendo pawo.

"Masuka."

Kaphulusa sanapite kukanunkhiza tsinde la mtengo kapena udzu wa m'mbali mwa mpanda. Anapita kwa malume molunjika n'kukanikiza mphuno pathumba la kumanzere. Anapuma mozama, kangapo, mchira ukugwedezeka pang'onopang'ono. Kenaka anakweza mutu n'kuyang'ana nkhope imene inali pamwamba pa jeketelo. Mchira unaleka.

Malume anavula jekete. Anatsala ndi malaya opyapyala pamphepo ya m'mawa.

"Linandikulira kale," anatero. "Ndimaoneka ngati mwana wabera bambo ake."

Mchimweneyo anabwera n'kukhala pakakhoma pafupi ndi amayi ake. Anatenga kaphukusi m'manja mwa Mzime, nakatembenuzatembenuza.

"Loweruka ndipita ndekha," anatero. "Koma foni muziyankha, amayi. Ndipo kumapeto kwa mwezi ndizibwera, musandiletse. Mzime, iwe uzibwera pakati pa mwezi."

"Ndizibwera, achimwene."

"Ndipo bedi tagula lija?"

"Agonepo ana," anatero amayi. "Abwerere kuchipinda kwawo." Anatambasula manja. "Tandipatsani jeketelo."

Malume analiika pamiyendo pawo. Mzime anagwada, natenga chala cha amayi ake n'kuchiika pamlomo wa thumba la kumanzere.

"Analisoka okha, amayi. Kuti dzanja lisamalowe."

Ichi amayi sankachidziwa. Chala chawo chinaima kaye, kenaka chinayamba kuyenda pamsokowo. Unali wothithikana, wowongoka, wa ulusi wokhuthala wopaka phula, wonga umene bambo ankasokera nsapato za ana asukulu kuti zipirire chaka chonse. Chala chinayenda mpaka kumapeto, n'kupeza mfundo.

"Anamanga kawiri," anatero amayi motsitsa.

Pakhomo la chipatala namwino wa pamenepo anayamba kuitana odwala shuga. Amayi anapinda jekete mosamala, thumba losokedwalo lili pamwamba, n'kuliyala pansi pa mtengo. Kaphulusa anazungulira, nagonapo, chibwano chili pamsoko paja.

"Musiyeni kaye," anatero amayi akuimirira, dzanja lili paphewa la mwana wawo wamwamuna. "Ino ndi nthawi yake."